Ulendo Wathu wa ku Chiradzulu

Ndifuna kukusimbirani za ulendo umene ife a Kagulu ka Mbiri tinayenda m'cigawo cacitatu ca sukulu, pamene tinapita kukaona boma la Chiradzulu. Ambiri a inu mumalidziwa bomali cifukwa ca nkhuku zakuda za Mikolongwe, ena cifukwa ca miyala ya pa Njuli imene amamangira nyumba m'tauni, ndipo ena mumangoona phiri lace pa zenera la basi popita ku Zomba. Ndi limodzi la maboma aang'ono kwambiri m'dziko muno, pakuti kukula kwace ndi masikweya kilomita 767 okha, ndipo munthu wa pa galimoto akhoza kulidutsa lonse asanamve njala. Koma m'kadera kameneka ndimo munacitika zinthu ziwiri zimene tonsefe timaziloweza pokonzekera mayeso, ndizo kufika kwa amishoni oyamba m'caka ca 1861 ndi nkhondo ya John Chilembwe m'caka ca 1915.

Tinanyamuka Loweruka m'mamawa, nthawi iri 6 koloko, kunja kuli cisanu ca mwezi wa June. Tinalipo anyamata ndi atsikana 40, aphunzitsi awiri ndi woyendetsa basi. Ali yense ananyamula kamba wace, wina mbatata yophika, wina cimanga cokazinga, wina nthoci. Basi isanayambe kuyenda, aphunzitsi athu a Mbiri anaimirira natiuza kuti sitiri kupita kukasewera ai. Anati pa malo ali onse amene tikaime tikadzifunse funso limodzi lokha: kodi anthu amene anafika pano ankafuna ciani? Tinalemba funsolo pamwamba pa makope athu, ndipo ulendo unayambika.

Titadutsa Limbe tinalowa mseu wa ku Zomba. Tinapitirira Njuli ndi Mbulumbuzi, kumene amai anali atayala kale tomato ndi kabichi m'mbali mwa mseu, ndipo pofika pa Namadzi tinapatuka kulowera kum'mawa pa mseu wapfumbi. Nthawi isanakwane 9 koloko tinafika ku Magomero.

Munthu wosadziwa akhoza kupitirira malo amenewa osaceuka nkomwe. Palibe cinyumba cacikulu cosonyeza kuti panali mishoni. Cimene tinaona ndi mtsinje wa Namadzi umene umakhota mozungulira kamtunda, minda ya nandolo, ndi mtanda umene uli pa manda a mbusa Henry Burrup. Tinakhala pansi pa udzu, ndipo aphunzitsi anayamba kufotokoza.

M'caka ca 1857 David Livingstone analankhula ku Cambridge, kupempha anthu ophunzira a ku England kuti abwere kuno kudzalalikira ndi kudzathetsa malonda a akapolo. Mau acewo anabala mishoni ya U.M.C.A., imene mtsogoleri wace woyamba anali Bishopu Charles Mackenzie. Pa 16 July 1861, Livingstone ndi anthu ace, potsogolera amishoniwo kukwera ku mapiri kucokera ku Shire, anakomana ndi gulu la akapolo pa mudzi wa Mbame. Ogwira akapolo anathawa, ndipo anthu 84 anamasulidwa magoli ndi zingwe, ambiri a iwo akazi ndi ana. Anthu amenewa analibenso kwao kobwerera, cotero anatsata Bishopu kufikira pa Magomero, pamene mfumu Chigunda ya Amang'anja inawapatsa malo. Mfumuyo inali ndi maganizo ace: inkafuna Azungu a mfuti akhale pafupi kuti aiteteze kwa Ayao amene anali kulowa m'dzikolo.

Poyamba malowo anaoneka okoma, popeza mtsinje unawacinga ngati linga. Koma walira mvula walira matope. Anthu othawa nkhondo anacuruka pa kamtunda kakang'onoko, madzi anaipa, cakudya cinacepa, ndipo matenda a kamwazi anayamba kupha anthu. Amishoni amene anadzera kulalikira anapezeka atanyamula mfuti ndi kutentha midzi ya Ayao. Bishopu Mackenzie anatsikira ku Shire kukakomana ndi Livingstone, koma bwato lace linagubuduzika, mankhwala a malungo natayika m'madzi, ndipo anamwalira pa 31 January 1862 pa kacisumbu ka pamene Ruo amathira mu Shire, ali ndi zaka 36 zokha. Burrup, amene anali naye pa ulendowo, anamnyamula kubwera naye ku Magomero ali wodwala kwambiri, ndipo anamwalira m'mwezi wa February. Pofika April otsalawo anasamukira kwa Chibisa ku cigwa ca Shire. Cotero mishoni ya pa Magomero siinathe ngakhale caka cimodzi.

Nditayang'ana funso la pa kope langa, ndinaganizira za anthu 84 aja koposa za Azunguwo. Maina a Azungu tiri nao m'mabuku, ndipo mmodzi ali ndi mtanda pa manda ace. Koma ambiri a akazi ndi ana aja amene anafera pomwepo ndi njala ndi kamwazi agona m'nthaka imene lero mukulimidwa nandolo, popanda mwala kapena dzina. Cimene ankafuna iwo cinali cacing'ono ndithu: malo ogona osaopa, ndi kamunda.

Aphunzitsi anatiuza kuti tisatseke makope, pakuti nkhani ya Magomero siinathere pamenepo. Patapita zaka ngati 30, dziko lonse lozungulira linagwa m'manja mwa banja la Alexander Low Bruce, amene anakwatira Agnes, mwana wamkazi wa David Livingstone. Malo ao anali oposa maekala 160,000, ndipo woyang'anira munda wa Magomero anali William Jervis Livingstone, amene anthu a kuno ankamucha Listonia. Nthawi yomweyo Alomwe ambiri anali kulowa m'dziko muno kucokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi ndi njala. Eni minda anawalandira ndi manja awiri cifukwa ankafuna anchito olima thonje. Anawapatsa pomanga nyumba ndi polima, koma malipiro ace anali thangata.

Mau akuti thangata tonse tikuwadziwa. Kale anali mau okoma, otanthauza kuthandizana pa nchito monga acitira abale ndi anansi. Pa minda ya Azungu mauwo anasanduka goli. Munthu ankayenera kugwira mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho wa nyumba, koma mweziwo unkatalika monga afunira kapitao, cifukwa tsiku limene munthu sanatsirize ndime yace silinkalembedwa. Coipitsitsa cinali cakuti nchitoyo inkafunika m'nyengo ya dzinja, pamene munda wa munthu mwini ukufuna khasu. Wokana ankapitikitsidwa pa malopo. Pa munda wa Bruce sankalola sukulu, ndipo nyumba zopemphereramo zimene anthu a Chilembwe anamanga ndi udzu zinatenthedwa.

Pakumva izi mtima wanga unapita kwathu. Agogo anga aakazi ndi Alomwe, ndipo amasimba kuti amai ao anabadwira pa munda wina wa Mzungu ku Thyolo. Amati amai aowo ankapalira mbeu za mwini munda kucokera m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, ndipo munda wao ankaulima ndi mwezi usiku, mwana ali kumbuyo. Nkhaniyi ndaimva kawirikawiri pa moto madzulo, ndipo pa Magomero ndinaona kuti nkhani ya agogo ndi nkhani ya m'buku la Mbiri ndi imodzi. Thangata anathetsedwa ndi lamulo m'caka ca 1962, agogo angawo ali kale mtsikana wodziwa kusinja.

Tisanacoke, aphunzitsi analoza mbali imene kunali nyumba ya Listonia, nati tisunge dzinalo cifukwa tidzakomana nalonso masana. Tinakwera basi ndi kubwerera pa mseu waukulu, kenaka tinapatukira ku boma la Chiradzulu, limene liri m'tsinde mwa phiri.

Pa boma sitinakhalitse. Tinaona maofesi, cipatala ndi msika, ndipo ena anagula nzimbe. Cimene tinadzera cinali phiri, limene msinkhu wace ndi mamita 1,773 kucokera pa nyanja yamcere. Nthawi siinatilole kukafika pamwamba peni peni, koma tinakwera kufikira pa thanthwe lina lalikulu, ndipo pamenepo tinamasula kamba wathu. Ha, kukongola kwace! Kunja kunali kowala bwino. Uko kunali phiri la Mulanje litaima ngati khoma, uku phiri la Zomba, ndipo pakati pace cigwa cacikulu copita ku Phalombe. Ngakhale anzathu aja okonda phokoso anakhala cete kanthawi.

Titatha kudya, aphunzitsi anatiuza kuti tileke kuyang'ana kutali, tiyang'ane pansi pafupi ndi mapazi athu, ndipo tipeze malo amodzi opanda nyumba kapena munda. Tinayesa, koma tinalephera. Pali ponse panali malata onyezimira, mizere ya minda ing'onoing'ono yonga zigamba za pa caka, ndi tinjira. Minda ina inakwera phiri kufikira m'malire a nkhalango ya boma. Pa kalembera wa 2018 m'boma muno munapezeka anthu oposa 350,000. Mnzathu wina wa Fomu 4 wodziwa masamu anagawa nambalayo ndi 767, napeza kuti pa sikweya kilomita imodzi pamakhala anthu oposa 450. Mabanja ambiri alibe munda wokwana kuwadyetsa caka conse, ndipo n'cifukwa cace anyamata a kuno amapalasa njinga m'bandakuca kupita ku Limbe ndi ku Blantyre kukagulitsa ndiwo zamasamba kapena kukafuna ganyu.

Kusowa kwa malo kuli ndi ana ace. Munthu wopanda munda amalima pa phiri, ndipo wopanda ndalama amadula mtengo kuti aoche makala. Mitengo ikatha nthaka imakhala yopanda cogwira. M'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osaleka, ndipo m'maboma a kum'mwera kuno, pamodzi ndi Chiradzulu, matope ndi miyala zinatsika m'mapiri ndi kukwirira nyumba ndi anthu omwe. Anthu mazanamazana anafa m'dziko muno. Mtsikana wina wa m'kagulu kathu, amene kwao ndi konkuno, anatiuza motsitsa mau kuti azakhali ace anataya nyumba ndi mbuzi zonse usiku umodzi, ndipo anapulumuka ndi cobvala ca m'thupi cokha. Palibe amene anayankha. Ine ndinalemba pa kope kuti funso la aphunzitsi likugwiranso anthu amoyo: naonso akufuna malo.

Titatsika phiri tinalunjika ku Mbombwe, kumene anthu onse amangoti ku P.I.M., ndiko kuti Providence Industrial Mission. Tinafika dzuwa litapendeka pang'ono. Coyamba kuoneka ndi chalichi cacikulu ca njerwa, ndipo pafupi pace pali sukulu, cipatala ndi cipilala ca cikumbutso. Mkulu wina wa mpingo anatilandira, nati, “Takulandirani, ana anga. Yendani momasuka, pano ndi panu.” Tinayamba taona zibuma za njerwa zogwirana zimene zatsala pa chalichi coyamba, ndipo tinakhala pamenepo kumva mbiri ya mwini malowo.

John Chilembwe anabadwira m'dera lomwe lino ca m'ma 1871. M'caka ca 1892 anayamba nchito kwa mmishoni Joseph Booth, munthu amene ankanena poyera kuti Africa ndi ya Aafrika. M'caka ca 1897 Booth anapita naye ku America, ndipo kumeneko Chilembwe anaphunzira za ubusa pa sukulu ya anthu akuda ku Lynchburg, m'dera la Virginia. Anabwerako m'caka ca 1900, nagula malo pa Mbombwe ndi cithandizo ca mpingo wa anthu akuda a ku America wochedwa National Baptist Convention. Mpingowo unatumizanso mbusa L. N. Cheek ndi mai Emma DeLaney kudzamthandiza pa zaka zoyamba.

Pa mayeso timathamangira kulemba za nkhondo, koma mkulu uja anakhalitsa pa zaka za mtendere. Chilembwe ankafuna kuti munthu wakuda aime pa yekha. Anaphunzitsa anthu kuwerenga ndi kulemba, kulima mbeu zogulitsa, kuumba njerwa, kubvala mwaukhondo ndi kuleka mowa. Mkazi wace, mai Ida, ankaphunzitsa akazi kusoka. Pofika 1912 m'sukulu zace munali ana oposa 900. Chalichi cace cacikulu ca njerwa cinatha kumangidwa m'caka ca 1913, ndipo cinamangidwa ndi manja a anthu akuda, pa nthawi imene Azungu ambiri ankati munthu wakuda sangathe kuyendetsa kanthu popanda Mzungu womuyang'anira.

Koma mpingo wacewo unali m'malire ndi munda wa Bruce, ndipo ambiri a Akristu ace anali anthu a thangata. Madandaulo ao onse ankathera pa khomo pace. Panalinso nkhani ya ulemu. Masiku amenewo munthu wakuda, kaya ndi mbusa kaya ndi mphunzitsi, ankayenera kubvula cipewa akakomana ndi Mzungu pa njira, ndipo Mzunguyo sankabwezera ulemuwo. Njala inagwa ca m'ma 1912 ndi 1913, msonkho unakwera, ndipo m'caka ca 1914 nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani inafika mpaka ku Karonga, kumene asilikali akuda anafa m'mwezi wa September. M'mwezi wa November Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times. M'kalatamo anadandaula kuti pa nthawi ya mtendere zokoma zonse zimakhala za Azungu, koma pa nthawi ya nkhondo amphawi akuda ndiwo amaitanidwa kukafa pa mlandu umene sakuudziwa, kusiya akazi amasiye ndi ana. Boma silinayankhe madandaulowo. Linaletsa kalatayo, ndipo linayamba kuganiza zomcotsa m'dziko.

Usiku wa Loweruka, pa 23 January 1915, magulu a anthu ananyamuka pa Mbombwe. Gulu lina linapita ku Blantyre kukathyola nyumba yosungiramo mfuti ya kampani ya Mandala, koma linangopeza mfuti zowerengeka. Ena anapita ku munda wa Bruce. Pa Magomero anapha Listonia ndi kumdula mutu, anaphanso Duncan MacCormick, ndipo ku Mwanje anapha Robert Ferguson. Akazi a Azungu ndi ana ao anatengedwa, koma sanapwetekedwe, popeza Chilembwe analamula cotero, ndipo pambuyo pace anamasulidwa. M'mawa mwace, tsiku la Sabata, Chilembwe analalikira m'chalichi mutu wa Listonia uli pa mtengo. Mafumu ndi anthu a maboma ena amene ankayembekeza kuti adzamthandiza sanadzuke. Asilikali a boma anafika, anthu anabalalika, ndipo pa 3 February 1915 Chilembwe anaomberedwa ndi apolisi ca ku Mulanje akuthawira ku Mozambique. Anamuika mobisa kuti manda ace asadziwike. Anthu pafupifupi 40 anaphedwa ndi boma ataweruzidwa, mmodzi wa iwo John Gray Kufa, amene anali wothandiza madokotala wophunzira bwino, ndipo pafupifupi 300 anaponyedwa m'ndende. Ena ambiri anaomberedwa m'chire popanda mlandu kuzengedwa. Chalichi cija anaciphulitsa ndi mabomba, ndipo zibuma zimene tinakhalapozo ndizo zotsala zace.

Mkulu uja atatsiriza, panabuka mtsutso umene sindidzauiwala. Mtsikana wina wa Fomu 3, amene amaimba kwaya, anaimirira nati iye sakumvetsa. Anati mbusa ndi munthu wophunzitsa kuti usaphe, nanga zinatheka bwanji kuti alalikire mutu wa munthu uli patsogolo pace? Anatinso Listonia anali woipa, koma anaphedwa pamaso pa mkazi wace ndi ana, ndipo anawo sanalakwe kanthu. Mnyamata wina wa Fomu 4 anamuyankha mwaukali. “Cemwali,” iye anatero, “inu mukulankhula mutakhuta mbatata. Munthuyo analemba makalata, anadandaula, anapirira zaka zambiri. Nanga akanacitanso ciani? Akanangokhala n'kumaonerera machalichi ace akupsa?” Ena anaombera m'manja, ena anang'ung'udza, ndipo tonse tinayang'ana kwa aphunzitsi kuti agamule.

Aphunzitsi anakana kugamula. Anati nchito yao ndi kuonetsetsa kuti tisataye mbali iri yonse ya nkhaniyo pofuna kuti itikomere. Wotama Chilembwe asaiwale mutu uja, ndipo womdzudzula asaiwale thangata, zikoti ndi anthu 40 aja. Anatikumbutsanso kuti boma lomwe la Atsamunda, litafufuza nkhaniyi, linabvomereza m'lipoti lace la 1916 kuti anthu a pa munda wa Bruce ankazunzidwa. Kenaka anati ali yense aganize yekha ndipo alembe maganizo ace.

Maganizo anga ndi awa. Za mutu uja sindingathe kuzitama, ndipo mtsikana uja anacita bwino kufunsa funso limene ambiri amaopa kufunsa pa malo otere. Komanso ine, mdzukulu wa anthu olima ndi mwezi, sindingathe kuimirira pa zibuma zimenezo ndi kunena kuti anthu aja akanangopirira. Amene anakana kumva kalata ndiwo anaitana mikondo. Koma cimene cinandigwira mtima koposa ndi kuwerenga masiku. Nkhondo ya Chilembwe inatha masiku 12, pamene nchito yace yomanga ndi yophunzitsa inatha zaka 15. Nkhondoyo inalephera, koma nchito ija siinafe. Mnyamata wina amene anaphunzira pa Mbombwe, dzina lace Daniel Sharpe Malekebu, anatsata mai DeLaney ku America, naphunzira udokotala pa Meharry Medical College, ndipo m'caka ca 1926 anabwera ndi mkazi wace Flora kudzatsegulanso mishoniyi. Chalichi cimene ciripo lero cinamangidwa m'nthawi yace. Boma linaphulitsa njerwa, koma linalephera kuphulitsa zimene zinali m'mutu mwa mwana wa sukulu.

Lero dzina limene kale anthu ankalichula monong'ona liri pali ponse. Tsiku la 15 January ndi holide yokumbukira Chilembwe, ndipo akuluakulu a dziko amasonkhana pa Mbombwe kudzapemphera. Nkhope yace iri pa ndalama ya K500 ndi ya K2,000. M'caka ca 2022 mmisiri wa ku Malawi kuno, Samson Kambalu, anaimika cifanizo cace pa Trafalgar Square mu mzinda wa London, ndipo cinakhala pamenepo kufikira 2024. Anacitengera pa cithunzi ca 1914 cimene Chilembwe anajambulitsa ndi mnzace wacizungu John Chorley, ndipo pa cifanizopo Chilembwe wabvala cipewa cace kumutu. Titamva zimenezi, anyamata onse amene anali ndi zipewa anazikankhira bwino pa mphumi, ndipo ngakhale mkulu uja anaseka.

Malo otsiriza anali Nguludi, mishoni ya Akatolika ya ansembe a Montfort, amene anafika m'dziko muno m'caka ca 1901. Dzuwa linali litatsala pang'ono kulowa, cotero tinangoyenda mofulumira. Pa 26 January 1915 anthu ena a Chilembwe anafika pano usiku, natentha nyumba za mishoni ndi kubvulaza koopsa wansembe wina, Bambo Swelsen. Mtsikana wa kwaya uja anayang'ana mnyamata wa Fomu 4, koma sananene kanthu, ndipo mnyamatayo anayang'ana pansi. Moto ukabuka susankha udzu. Lero pa Nguludi pali cipatala ca St Joseph, sukulu ya anamwino, ndi Yunivesite ya Akatolika imene inatsegulidwa m'caka ca 2006. Tinaona ophunzira ace akuyenda ndi mabuku m'manja, ndipo ena a ife tinayamba kufunsana za mapointi ofunika kuti munthu alowe kumeneko.

Pobwerera tinadzera mseu wa Midima. Kunja kunada tisanafike ku Limbe, ndipo nyimbo zimene tinayamba nazo m'mawa zinali zitatha. Ena anagona, ena anapitiriza mtsutso uja motsitsa mau. Tinafika pa sukulu nthawi iri 7 koloko, tiri otopa ndi otuwa ndi pfumbi, ndipo tinapeza ophika atatisungira nsima ndi nyemba.

Pa Lolemba aphunzitsi anasonkhanitsa makope kuti aone mayankho a funso lija. Ambiri tinayankha mofanana ngakhale sitinaonerane. Akapolo omasulidwa a 1861, Alomwe olowa kucokera ku Mozambique, Akristu a pa Mbombwe, ndi mabanja amene lero akulima m'mphepete mwa phiri, onsewa ankafuna pokhala pao pao ndi kuyesedwa anthu. Ulemu uja tinaupeza, pakuti lero palibe wotibvula cipewa pa njira. Koma nkhani ya malo ikali pomwepo, ndipo tsopano palibe Listonia woti timloze cala. Anthu tacuruka, nthaka yatopa, mitengo yatha. Ena a ife amene tikuwerenga magazini ino tidzakhala alangizi a zaulimi, oyeza malo, aphungu ndi mafumu, ndipo mlandu umenewu udzafika pa tebulo lathu. Ndi bwino tiyambe kuuganizira tikali pa sukulu.

Tsono anzanga, pa holide ikudzayi yesani kuyenda m'boma la kwanu, ngakhale ndi njinga kapena pansi. Funsani dzina la phiri ndi la mtsinje, ndi cifukwa cace anazicha cotero. Koposa zonse khalani pansi ndi agogo anu, muwafunse kumene makolo ao anacokera ndi cimene cinawasamutsa, ndipo mulembe zimene akuuzeni iwo akali moyo. Mau a akulu akoma akagonera, koma mwini mauwo akapita osawalemba, palibe cogonera.

 Amene afuna kulowa kagulu kathu abwere Lacitatu liri lonse, maphunziro akatha, m'cipinda ca Fomu 3.